Tinkati Tipite Kuphiri Awiriwiri

Pasapezeke munthu wondifunsa kuti anivesale ya ukwati wathu inayenda bwanji. Amene anandifunsa komaliza, mphunzitsi mnzanga, sitinapatsane moni mpaka sukulu kutsekera. Koma poti nkhaniyi yafika kale mpaka ku Shikabeta, ndipo ikuyenda yopindika, bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Ine ndimaphunzitsa tiana tating'ono pasukulu ina kufupi ndi Mpanshya. Amuna anga, atate ake Tisa, ndi mlimi wa chimanga, ndipo akapeza mpata amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndi munthu wabwino, sindikana, koma mawu awo amatuluka ngati ogula. Chikwatiranireni zaka makumi awiri, mawu okoma amene ndinamvapo kwa iwo ndi akuti "ndiwo zakolera mchere." (Tsiku limenelo n'kuti anaphika ndi Tisa, mwana wathu woyamba.)

Ndiye mwana wa mlongo wanga wa ku Lusaka anandionetsa zithunzi pafoni. Akuti masiku ano anthu likakwana tsiku limene anakwatirana, amapita kumapiri kukadya ndi kukajambulitsa. Ndinati kodi mapiri omwewa amene atizungulirawa? Ife tili nawo aulere. Ndinawauza atate ake Tisa ndikuyembekeza kuti andiyankha za feteleza, koma anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Chabwino, tipite. Ndili ndi mawu oti ndikakuuzeni kumeneko."

Abale anga, mawu! Munthu uja ali ndi mawu! Sabata yonseyo ndinkangomwetulira ndekha ngati wopenga. Ndinakalukitsa tsitsi, ndinapha tambala wanga wonenepa n'kumukazinga bwinobwino, ndinagula chikanda, vitumbuwa ndi botolo la munkoyo. Phiri tinasankha lina la m'mbali mwa msewu waukulu, kupitirira pang'ono pa Rufunsa.

Chinatsala n'kusiya ana ndi mbuzi m'manja mwa apongozi, amayi awo a amuna anga. Ndinapita, ndinagwada, n'kuwauza kuti Loweruka tikupita kuphiri awiriwiri, tili ndi zoti tikakambirane. Apongozi anasiya kutongola chimanga n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Zafika pamenepo, mwana wanga?"

Ine m'mutu mwanga munali zaka makumi awiri zija. Ndinayankha monyadira kuti, "Zafika, amayi. Sizinali zapafupi, koma tapirira."

Tsono inu mukuwerenganu mwaona kale dzenje limene ndinagweramo. Kuno kwathu munthu sakwera phiri kukaona malo. Akati akupita kuphiri ndiye kuti akukasala kudya ndi kupemphera, zinthu zamuthina. Ine ndikudziwa zimenezi chibadwire. Koma tsiku limenelo nzeru zinali ku tambala wokazinga, ndipo ndine yemweyo amene ndimakalipira ana a eni kuti azilankhula zomveka.

Loweruka m'mawa titafika pokwerera minibasi, tinapeza apongozi atakhala kale pamwala, duku loyera kumutu. Pambali pawo panali amake Dalitso, alangizi amene anandilanga pokwatiwa, kenaka azimayi ena a gulu lawo la mapemphero, ndi ba Sakala otsogolera gululo, Baibulo kukhwapa. Ana ndi mbuzi akuti anasiyira aneba. Ndinayesa kufotokoza kuti ife tikungopita kukasangalala, ndi anivesale chabe, koma amake Dalitso anandisisita pamsana n'kunena kuti onse amayamba ndi kubisa. Ndinayang'ana atate ake Tisa kuti atsegule pakamwa. Iwo anayang'ana matayala a minibasi n'kunena kuti tingokwera. Ndikanatani? Apongozi sutsutsana nawo pasiteji anthu akumva.

Mu minibasi ndi mmene ndinamva kuti banja langa lakhala likutha sabata yonse ine osadziwa. Ena akuti atate ake Tisa ali ndi mkazi wina ku Shikabeta. (Munthu amene kulankhula ndi mkazi mmodzi kumamulemera, awiri angawathe?) Ena akuti vuto ndine, sukulu inandikweza mapewa. Tsitsi langa latsopano linakhala umboni, akuti mkazi akayamba kudzikonza chonchi ndiye kuti akulimbana ndi mnzake. Ndinakwiya mpaka makutu kutentha, koma ndinangokumbatira chikwama changa cha tambala.

Kukwera phiri ndi nsapato zakutchalitchi ndi nkhani ina. Ine ndinkaganiza kuti tikakhala pamthunzi cha m'munsi, koma ba Sakala anati pemphero la m'munsi limachedwa kufika. Tinakwera dzuwa likuswa mtengo, anzathu akuimba, ine ndikuterereka pa timiyala. Pakati pa njira amake Dalitso anandikokera pambali n'kuyamba kundifunsa ngati mikanda ija ndimavalabe, ndiponso ngati madzi osamba ndimawatenthetserabe abambo. Ine mayi wa ana anayi, wa imvi zobisa, kufunsidwa za mikanda ndili wefuwefu paphiri! Ndinati ndiwayankhe zoti akakumbukire mpaka kumanda, koma mpweya unali utandithera.

Pamwamba anatigwaditsa awirife pamwala wotentha, atatigwiranitsa manja, iwo n'kutizungulira. Ba Sakala analamula kuti aliyense apemphere mokweza. Mukudziwa mmene zimakhalira, aliyense ndi pemphero lake nthawi imodzi, wina kuwomba m'manja, wina kulira. Apongozi anandigwira mutu ndi manja onse awiri (tsitsi lija linathera pomwepo), amake Dalitso pakamwa pawo pali pakhutu langa lakumanja.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Phokoso lili pakati, ndinamva atate ake Tisa akundifinya dzanja. Nditatsegula maso ndinaona asendera pafupi, akundiyang'ana m'maso, milomo ikuyenda. Akulankhula! Osati mawu awiri atatu ayi, chiganizo pa chiganizo, misozi ili lengelenge. Munthuyo anaona kuti paphiri tafika, mawu analonjeza, ndipo poti aliyense ali kalikiliki ndi Mulungu, palibe amene amumve. Zoonadi palibe anamumva, ndi ine ndemwe. Chimene ndinatolapo ndi "kuyambira tsiku lija" ndi "inuyo", kwinako kunali "Tuluka! Tuluka!" wa amake Dalitso.

Ndinafunsa kuti mwati bwanji. Sanandimve. Ndinafunsanso mokweza. Kenaka mtima unandikwera, ndinakuwa ndi mawu anga onse a m'kalasi kuti, "Takhalani chete, anthu inu!"

Onse anasiya kupemphera n'kundiyang'ana. Kenaka ba Sakala anati, "Mwamva? Chayamba kulankhula. Limbikirani, manje chituluka."

Anandiunjikira onse. Ndikati ndidzuke, akuti chiwanda chikufuna kuthawa ndi thupi. Ndikati ndisiyeni, akuti chikukana. Nditatopa n'kungokhala phee, akuti aleluya chapita. Pamene ankandisiya n'kuti atate ake Tisa atatseka kale pakamwa, akuyang'ana magalimoto ang'onoang'ono akudutsa mumsewu kumunsi.

Dzuwa litapendeka anati kusala kwatha. Mayi wina amene mphuno yake inali pa chikwama changa chiyambire m'mawa anati kapena Ambuye atikonzera kanthu. Anatsegula. Apongozi anagwetsa misozi, akuti taonani mwanayu, m'mavuto ake onse anakumbukira atumiki. Tambala wanga anayenda m'manja m'manja. Nthutumba, imene aliyense akudziwa kuti ndi ya mwini nyumba, ndinaiona ndi maso angawa ikulowa m'kamwa mwa ba Sakala. Ine anandipatsa khosi ndi chitumbuwa chimodzi, akuti munthu amene wangomasulidwa kumene asadye zambiri.

Titafika kunyumba sindinavule n'komwe nsapato. Ndinawatsatira atate ake Tisa kukhola la mbuzi n'kuwafunsa kuti paphiri paja amati chiyani.

"Simunamve?"

"Ndikanamva bwanji, amake Dalitso ali m'khutu?"

Anakanda m'mutu. "Aa, mawu aja ndinawakonza sabata yonse. Anatuluka, anapita. Kuti ndiwasonkhanitsenso pafunika nthawi."

Ndinalira, sindinama. Zaka zonsezi ndikudikira, mawu anga anabwera n'kundidutsa pakhutu. Ndipo Lamlungu lake apongozi anaimirira pagulu lawo kuchitira umboni kuti banja la mwana wawo linali m'madzi koma analiwombola paphiri. Mpaka lero azimayi pamsika amandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndikuoneka bwino chichokereni chija. Chija chiti?

Panopa atate ake Tisa akangotsokomola ndimazimitsa wailesi, kuthamangitsa nkhuku ndi kutulutsa ana panja. Dzana anandiyitana ndi mawu otsika, ndinakhala pafupi n'kutchera khutu. Amafunsa ngati ndaona pampu ya njinga.

Komabe sindinagonje. Atate ake Tisa avomera kuti chaka chamawa tikayesenso, akuti mwina pofika nthawiyo mawu adzakhala atasonkhana. Ulendo uno ndachenjera, liwu loti phiri silinatuluke pakamwa panga. Apongozi ndawauziratu kuti mwezi umenewo tidzapita ku Chongwe kukazulitsa dzino.

Akuti zakhala bwino, nawonso lawo lakumanzere layamba kugwedera.