Mmene Tinapondera Akufa a ku Melita

Anthu a kumpingo kwathu akandifunsa za ulendo wathu wa ku Melita, ndimawauza za nyanja, za malinga a miyala, ndi za gombe limene amati ngalawa ya mtumwi Paulo inaswekera. Ndikafika pamenepo ndimatsokomola n'kupempha kuti wina ayambitse nyimbo. Za m'tchalitchi muja sindinena. Koma poti akazi anga ayamba kale kuifotokoza nkhaniyi kwa amayi anzawo, ndipo akuithira mchere wochuluka, ndati bola ndiilembe ndekha.

Ine ndine mlimi wa fodya ndi mtedza kuno kwa Kabudula, komanso mkulu wa mpingo. Mwana wathu woyamba, Tadala, ndi nesi, ndipo Ambuye anamutsegulira khomo la ntchito pa chisumbu cha Malta. Tsiku lina anaimba foni n'kunena kuti akufuna ine ndi amayi ake tipite tikaone malo. Ndinayamba kudandaula za nazale, za mbuzi, za msana, mpaka iye anati, "Ababa, kodi mukudziwa kuti Malta ndi Melita uja? Kuja njoka inaluma Paulo padzanja?"

Msana unapola nthawi yomweyo. (Ulendo wanga wautali kufikira tsiku limenelo unali wa ku Mchinji, kumaliro a alamu anga.)

Ndinapalasa njinga kupita kwa Nsaru kukagula nsapato zatsopano zachikopa, zakuda, zosongoka kutsogolo. Zinkandithina pang'ono, koma wogulitsa anati zizolowera phazi. Za m'ndege sindichulukitsa. Tinakwera ku Lumbadzi, tinakhala pampando mpaka matako anaiwala mwini wake, ndipo amayi a Tadala anagwira dzanja langa njira yonse, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pa tsiku la ukwati wathu.

Titafika n'kugona, kutacha Tadala anatitengera ku mzinda wakale wotchedwa Valeta. Abale, anthu anamanga! Nyumba zonse n'zamiyala yachikasu ngati chigumu chopsa bwino, misewu yopapatiza yoti ngolo ziwiri sizingapatukirane, ndipo makonde amatabwa ali lende m'mwamba ngati makola a nkhunda. Ine ndinkayenda mtima uli m'mwamba, ndikudziuza kuti mwina mphepo yomweyi inakhudzapo nkhope ya mtumwi. Akazi anga anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa, "Nanga anthu amenewa amalima kuti?"

Kenako tinafika patchalitchi chachikulu cha Akatolika. Kunja kwake sikunali kodabwitsa, koma titangolowa ndinavula chipewa osauzidwa. Golide kukhoma, golide kudenga, angelo ali mbwee paliponse. Ndinakumbukira kachisi wa Solomo, ndipo misozi inalengeza. Ndinayenda maso ali kudenga, nsapato zanga zatsopano zikulira kwe, kwe, kwe, mpaka ndinafika pakati penipeni pa tchalitchi.

Akazi anga maso awo anali pansi. Pansi ponse panali miyala yosalala yamawangamawanga, yofiira, yachikasu, yakuda, yoyalidwa moyandikana ngati zitenje pamsika.

"Abambo a Tadala, taonani kukongola. Chitenje chotere chitapezeka ku Msundwe ndingagule ziwiri."

Anawerama kuti aonetsetse. Kenako anawongoka pang'onopang'ono.

"Tadala. Kodi ichi si chigaza cha munthu?"

"Ndi chigaza, amayi. Awa ndi mafupa. Amajambula choncho chifukwa ndi manda."

"Manda ake ati?"

"Onsewa. Mwala uliwonse pansi pake pagona msilikali wakalekale. Ngakhale apo mwaimapo."

Ananena mopepuka ngati akutiuza mtengo wa tomato.

Tsono inu mukudziwa mmene tinakulira. Kwathu manda ali kumsitu, ndipo munthu salowako popanda maliro. Nkhuni za kumeneko sititola, bowa wa kumeneko sitizula, ngakhale kulozako chala sitiloza. Ndipo mwana aliyense amadziwa kuti ukaponda pamtumbira miyendo imatupa. Ine monga mkulu wa mpingo ndaimapo pamaliro ambirimbiri n'kulalikira kuti imfa inagonjetsedwa, kuti ogona m'manda alibe mphamvu pa ife, akungodikira lipenga. Ndimakhulupirira zimenezi ndi mtima wanga wonse. Mutu wanga unazikumbukira bwinobwino tsiku limenelo. Koma uthengawo sunafike kumiyendo.

Ndinayang'ana kukhomo. Linali kutali ngati kuchokera kwathu kukafika kudimba, ndipo malo onse pakatipo anali anthu okhaokha ogona. Chimene ndinafuna pa dziko lonse lapansi chinali chimodzi: kufika pakhomo paja osapondanso munthu wina.

Choyamba ndinanyamula mwendo umodzi, kuti mlandu uchepeko ndi theka. Ndinaima ngati kakowa m'dambo, chipewa chili pachifuwa. Azungu ena ankangodutsa, akuponda akuluakulu aja ndi nsapato zothamangira, wina akutafuna chingamu. Mayi wina wotsogolera gulu anali kuloza manda ndi ambulera!

"Ababa, mukutani?" anafunsa Tadala.

"Ndikusinkhasinkha."

Chapafupi ndinaona kapeti wofiira woyalidwa ngati kanjira. Ndinati Mulungu sasiya anthu ake opanda populumukira. Ndinadumpha. (Munthu wa zaka zanga, wovala jekete, kudumpha ndi mwendo umodzi m'nyumba ya Mulungu.) Ndinatera pakapeti paja n'kupuma mozama, ndipo ndinakodola akazi anga kuti abwere ku Kanani.

"Ababa," anatero Tadala, "pansi pa kapetiyo aliponso. Anangowafunditsa kuti miyala isaperepeseke."

Ndisanayankhe, akazi anga anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Abambo a Tadala, taonani mapazi anu!"

Ndinakweza thalauza. Akakolo anali atatupa, mnofu ukusefukira pamwamba pa nsapato ngati mtanda wa mandasi.

"Zayamba," anatero akazi anga motsitsa mawu. "Sanachedwe n'komwe. Asilikali ndi anthu aukali."

"Amayi, imeneyo ndi ndege! Munthu akakhala pansi nthawi yaitali mapazi amatupa. Ndiponso nsapatozo n'zazing'ono. Ine ndine nesi!"

"Unesi wakowo ndi wa amoyo. Nanga ine sindinakwere ndege yomweyo? Bwanji anga sanatupe?"

"Inunso mwaponda manda omwewo, amayi, anu sanatupe!"

"Ine ndimaponda mwaulemu. Bambo akowa amachita kugunda, kwe, kwe, ngati akusewera beni."

Apa ndi pamene nzeru zinandithawa. Kukhoma ndinaona chinthu chokwera chamwala, chokhala ndi tsinde lotambalala ngati khonde, pamwamba pake pali zosemasema za angelo ndi mikango. Panali kachingwe kofiira kotchinga, koma ndinaganiza kuti kachingwe si lamulo la Mose. Ndinayenda monyang'ama m'mizere yopyapyala yolekanitsa miyala, manja ali tambasu ngati mwana wowoloka paulalo wa mtengo umodzi, ndinadumpha kachingwe kaja, n'kukhala pakhonde paja miyendo ili m'mwamba. Ndinathokoza Mulungu chamumtima chifukwa cha thanthwe lothawirapo.

Tadala anafika nkhope ili gwaa.

"Ababa, tsikani. Chonde tsikani msanga."

"Pano ndiye pabwino, mwanawe. Itana amayi ako."

"Amenewo ndi manda a mtsogoleri wawo. Mkulu wa asilikali onsewa. Mwamukhalira."

Ndinathawa anyamata n'kukakhala pamutu pa bwana wawo.

Kutsika sindikanatha, pakuti pansi panali anthu. Kukhala sindikanatha, pakuti pansi panga panali munthu. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi. Pamenepo n'kuti mlonda wa m'tchalitchimo, bambo wamfupi wadazi wovala yunifolomu, akubwera mothamanga, chala chili m'mwamba. Anayamba kulankhula mwaukali, koma ataona thukuta, n'kuona mapazi aja ali lende, mawu ake anasintha. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndikudwala.

Pano ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa nkhaniyi ndaisinkhasinkha kwambiri pamaso pa Ambuye. Sindinanene kuti inde. Bodza silinatuluke pakamwa panga. Ndinangobuula.

Posakhalitsa anabwera ndi mnzake akukankha njinga ya odwala. Ine, munthu amene ndimakwera chitunda cha kwathu ndi matumba awiri a feteleza pakaliyala, anandigwira m'khwapa, wina uku wina uku, n'kundikhazika bwinobwino. Mapazi anawaika pa tizitsulo topondapo tija. Sanakhudze pansi ngakhale pang'ono. Kunena zoona, mtima wanga unaimba aleluya.

Tadala anagwira zogwirira kuti andikankhe tituluke msanga, koma amayi ake anamukankhira pambali.

"Choka iwe. Sudziwa kupepesa."

Anavula nsapato zawo n'kuziika pamiyendo panga. Anamangitsa chitenje m'chiuno. Ndiye ulendo unayamba. Pamwala uliwonse ankaima, kupinda bondo pang'ono, kuomba m'manja mofatsa katatu, n'kunena momveka bwino:

"Zikomo, akuluakulu, tidutse nawo. Ndife alendo, sitinadziwe."

Kukankha pang'ono.

"Zikomo, bambo, tidutse nawo. Odwalawa ndi amuna anga, mutu wawo ndi wabwino koma ndi nsapato."

Kukankha pang'ono.

"Pepani, achimwene, tayala lakupondani pankhope."

"Amayi a Tadala," ndinanong'ona, "fulumirani, anthu akutiona."

"Inu khalani chete. Mwakhalira mfumu ya eni ake, ndiye mukufuna ndidutse ngati ndikupita kuchigayo?"

Tchalitchi chonse chinali zii. Anthu anatipatukira. Gogo wina wachizungu anandigwira paphewa n'kundilonjeza kuti andipempherera. Anyamata awiri onyamula zikwama kumsana, poona akazi anga, anaganiza kuti ndilo lamulo la pamalopo: anavula nsapato n'kuyamba kutitsata pambuyo akupinda maondo. Tadala ankayenda patali, akuwerenga zolembedwa pakhoma mwachidwi ngati sakutidziwa.

Titafika pakhomo, akazi anga anaona beseni lamwala lili ndi madzi. Nkhope yawo inawala.

"Mwaona? Mwambo akuudziwa ndithu anthuwa. Aika madzi osamba pochoka kumanda."

Kwathu zosamba pochokera kumanda ine ndimaziletsa, ndimati n'zachikunja. Koma tsiku limenelo, poona kuti pakhomopo miyala inali yoyera yopanda zigaza, ndinadzambatuka panjinga paja ngati mnyamata, ndinapinda manja a jekete, n'kuviika manja onse awiri mpaka m'zigongono. Ndinasamba kumaso. Ndinatapa ena n'kuwaza pamapazi. Akazi anga anatapa m'manja kuti atsukeko matayala.

"Ababa! Amenewo ndi madzi odalitsidwa! Amangoviikamo nsonga ya chala!"

Ndinatembenuka madzi akudontha kuchibwano. Mlonda uja anali ataima pambuyo pathu. Anayang'ana njinga yopanda munthu, anayang'ana ine nditaima chilili pa miyendo iwiri yamphamvu, anayang'ana beseni limene linatsala theka. Kenako analankhula ndi Tadala mawu ochepa, anatenga njinga yake n'kumapita akupukusa mutu.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa titatuluka.

"Akuti wagwira ntchito muno zaka zambiri, koma sanaonepo madzi amenewa akuchiritsa munthu msanga chonchi. Akuti mawa musabwerenso, mwachira."

Mapazi anaphwa patapita masiku angapo. Tadala amati n'chifukwa anandigoneka miyendo ili pamwamba pa mapilo n'kundigulira patapata. Akazi anga amati n'chifukwa anapepesa aliyense payekhapayekha, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Ine ndimati n'chisomo cha Mulungu, ndipo ndikatero onse awiri amandiyang'ana.

Chikhulupiriro changa sichinasinthe: akufa akugona, ndipo adzauka tsiku lomaliza. Kungoti ndaphunzira kuti munthu ukhoza kukhala Mkhristu kuyambira kumutu mpaka m'maondo, kunsiku kukadali kwa makolo. Ndikupempherera kuti Uthenga utsike ufike kuzidendene ndisanafe. Ngati sufika, ana anga ndawauza kale. Tsiku langa likadzakwana, asadzandiyalire mwala wosalala wamaluwamaluwa. Adzaunjike mulu wadothi wautali ndithu, wooneka patali, kuti mlendo wovala nsapato zatsopano adzadziwe polambalala.