Mmene Ndinasalira Kudya Chifukwa cha Bwato

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu kuti ndikali moyo ndipo pamudzi pathu anthu akali kundipatsa moni, chifukwa zimene ndinachita chaka chija zikanatha kundilanda zonse ziwiri. Ana anga amati ndisamaikambe nkhaniyi. Koma poti anthu amaikamba kale pamadooko onse kuyambira kwa Mphuka mpaka ku Zumbo, aliyense akuthiramo mchere wake, bola ndiikambe ndekha.

Amuna anga, atate a Rozina, ali ndi mng'ono wawo, a Antonyo. Malume awo pomwalira anasiya bwato limodzi lalikulu, osanena kuti likhale la yani. Amuna anga anati ndi lawo poti ndiwo akulu. A Antonyo anati ndi lawo poti ndiwo ankapalasa ndi malumewo masiku onse. Mapeto ake aliyense anabwera ndi chingwe chake n'kulimangirira ku mtengo umodzi womwewo, ndipo palibe ankaloledwa kumasula chingwe cha mnzake. Bwato linangokhala pagombe, nsomba zikudutsa. Ana athu ankadya mfutso ngati anthu a kumtunda, chikhalirecho tikugona tikumva mvuu. Ana a nyumba ziwirizi analetsedwa ngakhale kusewera pamodzi. Ine ndi mkazi wa a Antonyo, amake Zuze, tinkapatsana mchere mobisa kuseri kwa nkhokwe ngati akuba.

Masiku amenewo ndinkachapa zovala ku boma ku Feira, kwa Amwenye a sitolo. Amai a pasitolopo anali munthu wabwino mtima (Ambuye awadalitse kulikonse kumene ali), ndipo Chinyanja ankachiyesa ndithu. Kunyumba kwawo kunabwera mlongo wawo kuchokera ku India, mphunzitsi, ndi bokosi lodzaza mabuku. Tsiku lonse ankakhala pakhonde, kuwerenga, kulemba, kukanda mutu. Amaiwo anandiuza kuti akulemba buku la moyo wa mtsogoleri wina wa kwawo.

Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinaona chithunzi pa limodzi la mabukuwo: nkhalamba yadazi, yoonda nthiti kuwerengeka, yovala magalasi, itangofunda nsalu yoyera.

“Amai, kodi agogo awa ankadwala?”

“Ayi, amake Rozina. Ameneyu anachotsa Angelezi kwathu. Mfuti analibe.”

“Angelezi ake omwewa a ku ofesi?”

“Omwewa.”

Ndinayang'ana miyendo ya nkhalambayo, n'kukumbuka mimba ya bwana wa ku ofesi, osamvetsa. Amaiwo anafunsa mlongo wawo m'chilankhulo chawo, n'kunditanthauzira kuti anthu a kwawo akayamba kuphana, nkhalambayo inkangosiya kudya. Siinkadya mpaka anthu achite manyazi ndi kutaya zikwanje.

Mawu amenewo anandilowa. Njira yonse yobwerera kumudzi ndinkawerengera mumtima: ngati munthu mmodzi woonda chonchija analetsa dziko lonse, nanga ine, wa thupi langali, ndingalephere amuna awiri ndi bwato limodzi? (Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma masamu amenewa ndinaona kuti akutuluka bwino.) Ndinagwada pansi pa mtengo wa bwemba n'kulonjeza Mulungu kuti chakudya sichilowa m'kamwa mwanga mpaka zingwe zija zitamasulidwa.

Tsono pamene panalakwika ndi apa. Kutchalitchi akatekisiti anatiphunzitsa kuti munthu akamasala kudya asamaonetse nkhope yachisoni, asambe, adzole mafuta, asadziwe munthu aliyense koma Mulungu yekha. Ine ndinaganiza kuti nkhalamba ija, poti inkaoneka yopemphera, inkachitanso chimodzimodzi. Ndiye sindinauze munthu. Ndinkasamba mamawa, kudzola mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira, kuphika, kupereka.

Ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno amuna amadyera kwaokha pabwalo, ife akazi kukhitchini. Mwamuna angakhale nawe mpaka imvi osaonapo mmene umatafunira. Atate a Rozina ankadya, kusamba m'manja, kutukwana mng'ono wawo, n'kupita kumunda. Ine m'mimba muli kulira ngati achule a m'dambo. Pokatunga madzi ndinkaona mtsinje ukupendekeka. Popemphera kolona ndinkasokoneza, mikanda ndikuiona ngati nandolo.

M'mawa wina amuna anga anandiyang'anitsitsa. Mumtima ndinati lero aona.

“Amake Rozina,” anatero, “masiku ano mukuwala bwanji. Ntchito ya kwa Amwenye ikukukomerani.”

Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pamphasa. Sindinadziwe ngati ndilire kapena ndithokoze.

Amene anaona ndi amake Zuze, poti mkazi mnzako sungamubisire. Iwo anaganiza kuti kwathu ufa watha ndipo gawo langa ndikusiyira ana. Anaphika phala la mapira lothira bwemba, n'kudutsa nalo pabwalo masana, anthu onse akuona, osaopa amuna awo. Kunali kulimba mtima kwakukulu, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimawapempherera.

“Mulamu, imwani aka, kakali kotentha.”

Fungo lija linandifika mpaka kumapazi. Ndinatseka maso.

“Zikomo, amake Zuze. Sindidya.”

“Mwadwala?”

“Ayi.”

“Mwakhuta?”

Munthu wosala kudya anganame? Ndinati ayi.

“Nanga n'chiyani?”

“Sindinganene.”

Kenaka anatenga chipande, n'kumwako okha pamaso panga, monga timachitira pofuna kuonetsa kuti m'chakudya mulibe kanthu. Anandipatsanso mbale ija. Ine, mutu uli zii ndi njala, ndinangoganiza za lonjezo langa. Ndinabweza mbaleyo ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

Inu amene mukuwerenga mwaona kale. Ine ndinaona pamene amake Zuze anaika mbale pansi n'kuyamba kulira mokweza, manja kumutu. Kukana chakudya chimene mwini wake walawa pamaso pako, popanda chifukwa, ndiye kuti wamunena kuti ndi mfiti. Mwana wamng'ono amadziwa zimenezi. Ine ndinali ku India.

Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti ndati amake Zuze anandithirira mankhwala. A Antonyo anabwera ndi nkhafi m'manja. Amuna anga, m'malo mondifunsa, anaima pakhomo n'kunena kuti, “Ngati mkazi wanga wakana, pali chimene waona. Ameneyu ndi munthu wa tchalitchi.” Amake Zuze anamanga katundu wawo kuti akubwerera kwawo kutsidya, ku Zumbo. Anafika pagombe, koma bwato loti awolokere linali lomwe lija la zingwe ziwiri. Anangokhala pambali pake ndi mtolo wawo, akulira.

Anthu anakaitana azakhali a amuna anga, mayi wamfupi wokonda fodya wa m'mphuno, amene analibe nthawi ya zopusa. Anatikhazika tonse pagombe pomwepo.

“Iwe amake Rozina, mnzakoyu unamuona akuthira chiyani?”

“Palibe, azakhali.”

“Nanga unakaniranji?”

Ndinapepesa kwa Mulungu mumtima n'kuulula zonse. Ndinakamba za buku, za nkhalamba yadazi, za Angelezi, za zikwanje. Ndikamapitiriza, nkhope za anthu zinkanka zisokonekera.

“Mmwenye ameneyu ndiye anakuuza kuti usadye?”

“Ayi, anamwalira kale.”

“Anakulotetsa?”

“Ayi, azakhali, ali m'buku.”

“Bukulo unawerenga?”

“Ndinaona chithunzi.”

Azakhali anakoka fodya, n'kuyetsemula, n'kutembenukira kwa amuna anga. “Iwe, mkazi wako wakhala osadya masiku onsewa. Unali kuti?”

“Ine ndimaona ngati akunenepa,” anatero atate a Rozina, motsitsa mawu.

A Antonyo anayesa kudzigwira, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno. Amuna anga anawayang'ana mwaukali, kenaka nawonso mapewa anayamba kugwedezeka. Aka kanali koyamba kuwaona akuchita chinthu chimodzi pamodzi chimwalirireni malume awo, ndipo chinthucho chinali kundiseka ine.

Chigamulo chinali chachifupi. Ine ndipereke nkhuku kwa amake Zuze yowatsuka dzina, ndipo ndidye phala lija pamaso pa anthu onse. Za bwato azakhali anati likafika mawa lili pamtunda, abwera ndi nkhwangwa aliwaze nkhuni. Ndinati lonjezo langa linali lakuti zingwe ziyambe zamasulidwa. Azakhali anangoloza amuna awiriwo ndi chibwano, ndipo aliyense anapita kukamasula chake, akung'ung'udza.

Phala linabwera litazizira, litachita chikhungu pamwamba. Ndinafuna kudya pang'onopang'ono ngati munthu wopemphera. Zinakanika. Ndinamaliza, ndinapala ndi chala, ndipo (izi ndiye ana anga amadana nazo) ndinafunsa ngati mumphika munatsalako. Amake Zuze, misozi ikali m'masaya, anati, “Mfiti ija ikakuphikireninso?” Ndinagwira mapazi awo. Anandikoka khutu n'kupita kukasonkha moto.

M'mawa mwake abale awiriwo analowa m'bwato onse, poti palibe ankakhulupirira mnzake kuti apite nalo yekha. Tinkawamva akukangana mpaka pakati pa mtsinje. Koma madzulo ana anadya nsomba, a nyumba zonse ziwiri, m'mbale imodzi.

Nditabwerera ku ntchito ndinafotokozera amai a pasitolo, iwo n'kumatanthauzira mlongo wawo. Mphunzitsiyo anasiya kulemba.

“Akufunsa kuti munauza yani kuti mwasiya kudya.”

“Palibe. Si mmene zimakhalira?”

Bamboyo anavula magalasi n'kugwira kumaso. Amaiwo anati nkhalamba ija isanayambe inkalengeza, manyuzipepala ankalemba, dziko lonse linkadziwa, madokotala ali pambali. Ndinafunsa kuti nanga mphotho yake kwa Mulungu inkatsala pati ngati aliyense ankadziwa. Funso limenelo sanandiyankhe bwino, ndipo mpaka pano silinandichoke.

Kenaka mphunzitsiyo anafuna kudziwa chimene kwenikweni chinathetsa mkangano. Ndinati amuna anga amati ndi nkhwangwa ya azakhali, amake Zuze amati ndi misozi yawo, a Antonyo amati iwo anali ataganiza kale zomasula, ine ndimati ndi Mulungu. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya mulu wa mabuku aja ndi dzanja. Amaiwo anati mabuku onsewo amakamba za munthu mmodzi yemweyo, ndipo palibe awiri amene amagwirizana.

“Nanga iwo akulemberanji lina?”

“Akuti enawo analakwitsa.”

Ndinafunsanso kuti agogo aja anamwalira ndi njala kodi. Anati ayi, anachita kuwomberedwa ndi munthu wa kwawo komweko, akupita kukapemphera. Ndinaika sopo pansi. Ndinawapempherera, ngakhale sindidziwa ngati anali a mpingo wanji. Koma ndinawauza amaiwo kuti nkhani ngati imeneyi muziyambira kumapeto pouza munthu.

Kusala kudya sindinasiye. Nyengo ya Lenti ikafika ndimasala ndithu, mobisa, monga anatiphunzitsira. Kungoti ndisanayambe ndimapita kaye kwa amake Zuze kukawauza, ndipo iwo amaima pabwalo n'kuuza mudzi wonse.