Giza la a Kawaya

A Kawaya, makaniko wa boti limene amalondafe timakwera ndi katundu wathu, sankavomera kuti chinthu chimatha ntchito. Chikathyoka, waya. Chikadontha, waya. Dzino lawo litayamba kugwedera, akazi awo anabisa pulayazi.

Mtima wawo wonse unali pa giza, chotenthetsera madzi osamba m'botimo. Tinawerengapo mawaya olimanga: makumi anayi ndi atatu. Likayatsidwa linkabuula ngati ng'ombe yodwala.

"Alamu, madzi akuzizira!" ankakuwa akaputeni, amene anakwatira mlongo wa a Kawaya, sopo ali m'maso.

"Mwalipatsa moni?"

"Moni kwa giza?"

"Inu mungagwire ntchito osapatsidwa moni? Mwano umenewu mlongo wanga amaupirira bwanji?"

Kenako mwini boti anagula zipangizo zatsopano: wailesi, mapampu, mabatire, ndi giza loyera mbee. Anauza akaputeni kuti zonse zikaikidwa mkuluyo akapume, poti zatsopano sizifuna waya. Akaputeni anadziwa kuti kuwatsitsa a Kawaya m'boti n'kuwaika m'manda ali moyo. Zinazo anaika, koma giza latsopanolo analikwirira pansi pa zingwe miyezi isanu ndi itatu. Mwini boti akafunsa, yankho linali limodzi: "Mapaipi sakugwirizana, bwana."

Tsiku lina akaputeni anawapeza a Kawaya atalivundukula okha, akulisisita. Anali ataonda, ovolosi ikungolendewera.

"Mumayesa sindinalione? Kubisa simutha, alamu. Dazi lomwe limaonekera m'chipewa. Bweretsani sipanala."

"Lakale lija lidakali bwino."

"Lili bwino chifukwa ndilipo. Achipatala andiuza kale zanga. Ndikachoka lidzakuphulikirani. Mukufuna mlongo wanga alire maliro awiri?"

Akaputeni anabweretsa sipanala. A Kawaya anamanga gizalo masiku awiri, buku la malangizo atalikhalira kuti thalauza lisade. Tsiku lachitatu tinawatsitsa pamachira. Sanakwerenso.

Maliro atatha, akaputeni analowa m'bafa n'kutsegula mpopi wofiira. Madzi ozizira! Anatsegula wabuluu, natuluka akudumpha, msana utapsa. Mkuluyo anali atasemphanitsa mapaipi. Akaputeni anayasamula kuti atukwane, koma panalibe wotukwanidwa. Anakhala pakhomo la bafa, thaulo lili m'chiuno, nalira kuposa mmene analirira kumanda.

Mwini boti akuti kukonza kwake ndi mphindi khumi zokha. Akaputeni akuti wofuna kukhudza mapaipiwo ayambe wapeza kaputeni wina. Ndiye zakhala choncho. Boti likuyenda bwino, nthawi ikusungidwa, ulendo wa maola asanu ndi limodzi tsopano ndi maola asanu, koma kwa ife ukutalika. Okwerafe timangochenjezana: "Wabuluu ndiye wotentha." Mlendo akapsa n'kufunsa mokalipa kuti ndi mbuli iti inamanga zimenezi, akaputeni amavula chipewa.

"Mlamu wanga," amatero, n'kuyang'ana kumadzi.