Phulusa m'Galimoto ya Akamwini

Sendererani kuno nonse, ndipo amene ali ndi chakudya m'manja amalize kaye, chifukwa nkhani iyi siyenda limodzi ndi kutafuna. Ndikuuzani mmene ine, mayi wa imvi zanga, ndinaimitsira magalimoto pamsewu wa ku Chitawira masanasana, chonsecho sindine wapolisi.

Akamwini anga, bambo a Chisomo, amene anakwatira mwana wanga Esinati, amayendetsa mathiraki ku Joni. Ulendo wina anabwerako ndi galimoto yoti chibadwire sindinaionepo. Kunja galimoto, m'kati nyumba. Bedi momwemo, chitofu momwemo, kabati ya mbale momwemo, ndipo kuseri kwa kachitseko kakang'ono, chimbudzi chokhalira, choyera mbee ngati mbale ya alendo. Ankati aziibwereketsa kwa azungu okonda kuyendayenda. Koma ku Sunnyside, m'tauni momwe muno, kumene amachita lendi, eni nyumba anakana kuti chinthu chachikulu choncho chiime pabwalo pawo. Ndiye chinabwera kwa ine ku Soche, n'kuima pakati pa mtengo wa mapeyala ndi khola la nkhuku.

Tsono mumve bwino apa. Makolo anga anachokera ku Mozambiki, kuseri kwa Mulanje uko, ndipo kwathu mkamwini sitiyang'anizana naye. Akafika pakhomo, ine ndimakhala chammbali, nkhope kukhoma, mawu n'kumadutsa mwa mkazi wawo. Ena anazisiya zimenezi. Ine sindinazisiye. Tsiku loisiya galimotoyo, akamwini anayamba kufotokoza chimodzichimodzi, mawindo, magetsi, maloko. Atafika pa kachitseko kaja n'kuyamba kuti, "Amake Chisomo, muwauze amayi kuti ichi...", ine ndinafunda mpango kumaso n'kutuluka kukaona nkhuku. Mkamwini andiphunzitse ine za kuchimbudzi? Nditani?

Esinati nayenso manyazi. Atandipeza kukhola anangoti, "Amayi, makiyi ndi awa. Akuti muzitsegula mawindo, mphepo izilowamo." Zina zonse zinathera m'njira.

Akamwini anabwerera ku Joni, mvula inayamba. Chimbudzi changa chokumba chili kumunsi kuseri kwa nyumba, ndipo inu amene mumadziwa Soche mukudziwa kuti kulibe malo athyathyathya. Maondo angawanso, ndikati ndinyonyomale, amalira ngati chitseko cha golosale. M'mawa wina ndinaterereka panjira yopita kumeneko n'kukhala pansi m'matope, thapsa. Ndili chikhalire choncho, makiyi aja analira pamfundo ya chitenje changa.

Ndinati kamodzi kokha.

Ana inu, ndinakhala ngati bwana mu ofesi. Denga losadontha, mpando wosalala, pambali kawindo koonera nkhuku. Pansi pali chopondera. Ukaponda, pakati pamatseguka, timadzi n'kutsika, zonse n'kusowa. Nditatuluka ndinawerama kusuzumira kunsi kwa galimoto. Pouma. Ndinangoti basi, amene anapanga chinthuchi akudziwa kumene zimapita. (Sindinkadziwa kuti sizipita kulikonse. Pansi pake pali thanki, ndipo zonse zimangokhala momwemo kudikira mwini galimoto.)

Kamodzi kaja kanabala ana. Posakhalitsa madzi a m'galimoto anatha, chopondera ndikachiponda chinkangotsokomola. Kuti ndizithiramo madzi a m'ndowa, mipope yathu ino imene imauma ikafuna, madzi oti wina wachita kusenza pamutu, zimenezo sindikanachita. Kenako kafungo kanayamba. Ndiye mayi aliyense woleredwa bwino amatani chimbudzi chikayamba kulankhula? Amathira phulusa. Mayi anga ankathira, agogo anga ankathira. M'mawa uliwonse ndinkakokola pambaula, chikho chodzaza, n'kukakhuthulira mmenemo. Ndikakhala ndi mtima wabwino ndinkaonjezera timadzi totsukira mbale. Fungo linatha, ndipo ndinadziyamikira. Ndinkati akamwini akadzabwera adzapeza galimoto yosamalidwa ndi munthu wamkulu.

Koma phulusa, timadzi pang'ono, ndi zinazo, zikagonera limodzi masabata angapo, zimagwirizana kuposa simenti. Tsiku lina ndinaponda, pakati panatseguka, koma palibe chimene chinatsika. Ndinaona kaphiri kotuwa kakundiyang'ana.

Sabata yomweyo Esinati anaimba foni.

"Amayi, bambo a Chisomo akufika. Loweruka kuli chinkhoswe cha mlongo wawo ku Limbe. Akuti inu simukwera minibasi ayi, akutengani pa galimoto ya bedi ija, abale awo aone mmene amakulemekezerani."

"Auze kuti zikomo," ndinatero. Ndinadula foni.

Mumvetse chimene ndinkaopa. Kuonongeka kwa galimoto ndi nkhani ina. Koma kuti munthu amene sanaonepo ine ndikutafuna, munthu amene ndimamubisira ngakhale nkhope, atsegule kachitseko kaja n'kupeza zimene apongozi ake akhala akuchita dzinja lonse! Kuli bwino kusamuka.

Ndinapita kwa mnansi wanga, Abiti Saidi, amene amakazinga mandasi pageti pake. Ndinamunong'oneza. Anayamba waphula mafuta pamoto kuti aseke bwinobwino.

"Achemwali, chimbudzi cha matayala mwachithira phulusa? Bwanji simunadzalemo ndi nthochi yomwe?"

"Seka, koma ubwere ndi nsungwi."

Anabwera nayo. Tinaponda chopondera, tinalowetsa nsungwi, tinasinja ngati tili pamtondo, iye kamodzi ine kamodzi. Kaphiri sikanasunthe. Abiti anamanga chitenje m'chiuno, anati ndipatseni ndikuonetseni, anatsamira ndi thupi lonse. Nsungwi inathyoka, theka n'kutsala momwemo. Tsopano tinali ndi phiri lokhala ndi mbendera.

Tinawiritsa madzi pambaula n'kuthira. Fungo lonse limene phulusa linagoneka linadzuka nthawi imodzi. Nkhuku zinachoka pansi pa galimoto n'kupita kwa aneba.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, kusitolo ya zitsulo ya mmwenye wina wokalamba ngati ine ndemwe.

"Bambo, sinki yatseka."

"Ya kukhitchini, mama?"

"Ya kukhitchini."

"Munataya chiyani mmenemo?"

"Zakudya," ndinatero. (Sindinaname kwenikweni.)

Anandipatsa soda woyera wa m'chitini, uja amawotcha manja. Anati, "Pang'ono pokha, mama, ndipo nkhope kutali." Ine ndinaganiza kuti pang'ono ndi wa sinki, ndipo changa sichinali sinki. Tinakhuthula chitini chonse, pamwamba madzi owira ndowa yathunthu. Galimoto inayamba kubangula kunsi ngati m'mimba mwa munthu amene wadya nyemba zogona. Tinatuluka tikutsokomola, misozi ili mbwembwembwe.

Fungo litachepako, Abiti anayala thumba pansi n'kukwawira kunsi kwa galimoto.

"Achemwali, kuno kuli paipi yaifupi, ili ndi chivindikiro. Pambali pake pali chogwirira."

"Vundukula, ukoke."

"Nanga zikanditsikira kumaso?"

"Ndikuthira madzi."

Anavundukula, anakoka, anagubuduka kuthawa. Tinadikira. Panagwa kadontho kamodzi, basi. Abiti anati chinthuchi chauma mpaka kukhosi, palibe chochita, tingobisa. Anabweretsa ubani, tinafukiza galimoto yonse ngati muli ukwati. Ndinakolopa, ndinapaka polishi, pa kachitseko kaja ndinapachika nsalu ya maluwa. Chogwirira chija, ine ndinkayesa kuti Abiti wachibwezera. Abiti ankayesa kuti poti sichinatulutse kanthu, ndiye kuti sichigwira ntchito. Chivindikiro anachiika pamwamba pa khola la nkhuku.

Loweruka akamwini anafika atavala suti. Anagwada pakhonde, ine nkhope kukhoma. Atatsegula galimoto anakoka mpweya n'kunena kuti, "Amake Chisomo, muwathokoze amayi. Galimoto ikununkhira kuposa mmene ndinaisiyira."

"Auze kuti ndi udindo wanga," ndinatero.

Ine ndi Abiti tinakhala kumbuyo pabedi, ine nditavala nsalu yachinkhoswe yatsopano, iye atafungatira beseni la mandasi oti akagulitse ku Limbe. Galimoto inanyamuka. Msewu wotsika ku Soche mvula ikatha mumaudziwa, maenje okhaokha. Dzenje loyamba, ndinamva kunsi kwa bedi, khu. Lachiwiri, khuchu. Soda uja anali atagwira ntchito yake mwakachetechete, ankangosowa womugwedeza. Abiti ananditsina pantchafu. Ine ndinayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Tinafika pa Chitawira, paja pali mahampu pafupi ndi siteji ya minibasi. Hampu loyamba tinadutsa. Lachiwiri, ndinamva ngati thumba la ufa lang'ambika pansi pathu, ndipo galimoto inapepuka. Ndinaimva ndithu ikupepuka.

Kumbuyo mahutala. Kondakitala wina, thupi lonse lili kunja kwa minibasi, akumenya chitseko.

"Bigi! Bigi, imani! Nyumba yanu yatsegula m'mimba!"

Akamwini anaimika. Ndinasuzumira pa katani. Kuchokera pa hampu mpaka pamene tinaima panali mzere wotuwa, wonenepa, ukufuka nthunzi, ndipo pakati pake theka la nsungwi lija litagona ngati likupuma. Wakabaza wina anali atakweza miyendo m'mwamba, wokwera wakenso chimodzimodzi, njinga ikupita yokha. Mayi wogulitsa tomato anathawa ndi beseni pamutu, kusiya chitenje choyalira. Magalimoto anaima mbali zonse ziwiri chifukwa palibe amene ankafuna kukhala woyamba.

"Ndi simenti imeneyi?" wina anafunsa.

"Simenti inunkha choncho, ase? Pita ukamangire nyumba tione."

"Abwana, m'nyumba mwanumo mumadya makala?"

Akamwini anavula jekete n'kupatsa mkazi wawo. Anapinda manja a malaya, anagwada pa tara ndi thalauza la suti, analowetsa mkono kunsi n'kukankha chogwirira. Zinaleka. Anaimirira n'kuyang'ana mzere uja nthawi yaitali, anayang'ananso nsungwi. Makiyi a galimoto imeneyo dzinja lonse anali ndi munthu mmodzi yekha, ndipo pakati pa anthu onse amene amawadziwa, wothira phulusa m'chimbudzi ndi mmodzinso.

Esinati anatsegula chitseko pang'ono. "Amayi..."

"Usandiyankhule, ndamwalira."

Abiti anali ataluma mpango wake, mapewa akugwedezeka.

Kunja bambo wina wa chipewa, wooneka ngati wamkulu wa pasiteji, anakuwa. "Ndani wachita zonyansa zimenezi pamsewu wa anthu?"

"Ndine," akamwini anatero. "Galimoto ndi yanga, sindinaione bwino ponyamuka. Tikonza."

Kenako anabwera pachitseko, anapereka msana kwa ine monga mwa ulemu, n'kunena mwa mawu a tsiku ndi tsiku, ngati akufunsa mchere.

"Amake Chisomo, tafunsani amayi ngati phulusa latsalako lina kunyumba. Tithire pamsewupa, anthu adutse."

Esinati ananditembenukira. Panalibenso chobisa.

"Auze kuti lilipo," ndinatero. "Chidebe chili kuseri kwa khitchini. Chodzaza."

Wakabaza uja ndi amene anakalitenga. Akamwini anathira okha, anakokola okha ndi fosholo yobwereka, anyamata a pasiteji akuwalangiza mmene angagwirire koma osayandikira. Kuchinkhoswe tinafika pa minibasi, mphatso zitaperekedwa kale. Abale awo atafunsa kuti galimoto ya bedi ili kuti, anangoti yadwala.

Masiku otsatira anaitsuka pabwalo panga. Ankatseka chogwirira, kudzaza thanki ndi madzi ndi sopo, kuisiya igone, m'mawa kuiyendetsa m'maenje a Soche kuti zisukusike, kenako kulumikiza paipi yaitali mpaka kuchimbudzi changa chokumba n'kukoka. Kubwereza, kubwereza, mpaka madzi anatuluka oyera. Pochita zimenezo ankaima pansi pa windo langa n'kumaphunzitsa mkazi wawo mokweza, ngati Esinati ndi wogontha.

"Amake Chisomo, chimbudzi ichi chakudya chake ndi madzi. Madzi poyamba, madzi pomaliza. Mankhwala ake alipo a m'botolo. Chogwirira chizikhala chotseka mpaka thanki idzaze. China chilichonse chouma, ngakhale chitakhala chabwino bwanji kwina, muno ayi."

"Ndamva," Esinati ankatero, akuyang'ana windo.

Galimotoyo pano imayenda ndi azungu ake, ndipo ikapuma imakaima kwa mbale wawo ku Chitawira, m'mpanda wokhoma. Esinati akamva mawu oti phulusa amayamba kutsokomola n'kutuluka panja. Abiti Saidi nkhaniyi amaigulitsa limodzi ndi mandasi, ndipo malonda akuyenda, kungoti pofotokoza amadumpha paja pamene munthu wina anakoka chogwirira. Wakabaza uja akandiona pamsika amandipatsa moni wa "agogo a simenti".

Ine, mlungu usanathe, kalipentala anabwera ndi mpando wamatabwa wobowola pakati, n'kuukhoma m'chimbudzi changa chokumba, ndi chitsulo chogwira podzuka. Anati watumidwa, sanatchule womutuma, inenso sindinafunse. Ndimathiramo phulusa mmene ndingafunire, ndipo cha matayala sindidzachiyandikiranso. Chokumba chimakhala pamene unachisiya, sichikutsatira ku Chitawira.

Akamwini akabwera amagwada pakhonde ngati kale, n'kufunsa kudzera mwa mkazi wawo kuti amayi m'thupi muli bwanji. Ndimayankha zoona zokhazokha. Ndingamunamize chiyani munthu amene anakokola yekha ndi fosholo?