Positi ya Njinga ya Amake Zefa

Lolemba

Lero ndi tsiku lalikulu pa Chiwanga, ngakhale anthu a pa Chiwanga sanadziwebe. Ndatsegula kampani ya positi. Yangayanga!

Nkhani yayambira pa bawo. Wailesi ili pambali, akuluakulu a ku likulu akukangana m'menemo: positi ikhale m'manja mwa boma, kapena aigulitse kwa anthu a bizinesi? Ine ndati akanaigulitsa dzana. A Pulofesolo Chikoti, aphunzitsi opuma amene satha kuluza bawo mwakachetechete, akuti: "Wabizinesi angapalase njinga mpaka kuseri kwa Lunho chifukwa cha kaphukusi kamodzi? Koreyo, positi imeneyi, ndi ya boma, achimwene, ngati mlatho."

Kundiuza ine za positi! Ine amene ndinagwira ntchito pa positi ku Malawi nthawi ya nkhondo ija, tisanabwerere kuno. Inde ndinkasesa, koma ndinkasesa mkati, kuseri kwa kauntala, komwe munthu wamba safika.

Chuma cha kampani:
- njinga imodzi (ya amake Zefa, koma tili pabanja)
- bokosi la matabwa, ndalipaka utoto wotsala wa boti
- karimbo, chidindo chimene ndasema pa mphira wa patapata
- mkulu wa kampani, wopalasa njinga ndi mlonda: ine

Amake Zefa, mkazi wanga, njingayi anagula ndi usipa wawo, ndiye akuyankhula ngati eni ake. Andibwereka sabata ino yokha. Likafika Lamulungu kampani isanabweretse kanthu m'nyumba muno, njinga ibwerera kwa iwo, ine ndikatembenuze usipa pa thandala pakati pa azimayi, a Pulofesolo akuonerera. Ndavomera osaphethira. Sabata yathunthu? Yachuluka!

Lachiwiri

Anthu abwera! Mzere mpaka pa mpanda. Mtima wanga kuti myaa.

Vuto ndi laling'ono chabe: aliyense ndi m'bale. "Alamu, mpaka ine mundilipiritse?" "Malume, si mudutsa komweko?" Ndakhazikitsa lamulo loti abale enieni okha ndiwo salipira. Mzere usanathe ndazindikira kuti amake Zefa ali pachibale ndi gombe lonse, kupatula mzungu wa ku nyumba ya alendo, amene alibe chotumiza.

Komabe wolipira wapezeka mmodzi, Dona Felista wophika mandasi pamsika. Akutumiza nsalu yatsopano ya kapulana kwa apongozi awo, a Nasoko a ku Meluluca, ataiika m'beseni lofiira. Karimbo phaa pa beseni! Sikanaoneke bwino, koma kamveka.

Ku Meluluca ndafika thukuta lili kamukamu. Pulani yanga ndi yachidule: kupereka, kutembenuka, kubwerera. A Nasoko ayala mphasa. Malonje. Ndayenda bwanji, mwera wawomba bwanji kwathu, ana a Felista akutsokomolabe, wamwalira ndani, ali ndi pakati ndani. Kenako chakudya. Kampani yadya, yakhuta, yawodzerako pang'ono.

Potsanzika, beseni lija latuluka litadzaza ufa wa chinangwa, atavundikira ndi nsalu yawo. "Beseni la mpongozi wanga libwerere lopanda kanthu, anthu anditi chiyani?" Ndatchulako za mtengo wa ulendo wobwerera. Andiyang'ana ngati ndawapempha mano. Akuti mphatso salipirira. Kuno Dona Felista akuti iwo ufa sanaitanitse, koma zikomo kwambiri.

Palibe kanthu. Boma silikanaudziwa n'komwe msika wa mabeseniwu. Ine ndautulukira ulendo woyamba womwe.

Lachitatu

Maniamba. Amene anaika mudzi pamwamba pa phiri analibe njinga.

Katundu wopita: madengu a usipa kwa abale olima chimanga kumtunda. Onse aulere. Theka la njira njinga yanditenga, theka linalo ndaikankha ine. Tagawana ntchito mwachilungamo.

Pali katundu wina amene sindinamuganizire: mawu. Pochoka aliyense akuwonjezera, "Mukawauzenso kuti..." Ndati imbani foni. Akuti kumudzi kumeneko foni imagwira pa chulu chimodzi chokha, komanso nkhani ya ulemu siyendera pafoni. Mawu sakwera sikelo, ndiye salipiridwa.

Mawu amene ndanyamula:
- mwana wabadwa, wamwamuna, mphuno ngati ya atate ake
- a Bernado abweze nkhwangwa
- chinkhoswe chisunthe, ufa sunakwane
- a Bernado omwewo, akapanda kubweza nkhwangwa asadzapondenso ku nyanja

A Bernado andilalatira ngati nkhwangwayo ndi yanga. Ndaima njoo monga mkulu wa kampani mpaka amaliza. Kenako andipatsa yankho loti ndikapereke. Sindingalilembe muno.

Pobwerera dengu lililonse ladzaza. Chimanga, maungu, nyemba, mtolo wa nzimbe, bakha wamoyo. Ndinakwera ndi usipa wopepuka, ndikutsika ndi munda wathunthu! Mabuleki akununkha. Anthu a m'njira akudumphira m'tchire pondiona, ndipo ine ndikuti umenewu ndi ulemu.

Kunyumba ndapeza Dona Felista akundidikira. Akuti nsalu ya apongozi yovundikira ufa ija siingabwerere yopanda kanthu. Amangamo shuga ndi sopo. Akuti uwu si ulendo watsopano ayi, ndi womwe uja analipira, kungoti sunathe.

Amake Zefa afinya tayala lakumbuyo ndi chala.

Lachinayi

Basi! Kampani ikufuna malamulo olimba. Ku positi ya ku Malawi kuja panalibe woyala mphasa.

Malamulo atsopano:
- katundu aperekedwa pakhomo, chiimire
- malonje ayi
- chakudya ayi
- chobwerera nacho ayi, kaya ndi dzira

Ndawayesa ku Meluluca. Odi! Shuga ndi sopo pakhonde, "Zachokera kwa a Felista," njinga tembenu, ulendo. A Nasoko akuitana kumbuyoku mphasa ili m'manja, ine osacheuka. Ndafika kuno dzuwa lisanapendeke. Liwiro lotere boma silinalionepo! Ndadutsa dala pa bawo, belu ngiringiri, kuti a Pulofesolo aone.

Ndisanamalize kusamba, wafika mlamu wa Dona Felista pa njinga yamoto kuchokera ku Meluluca, nkhope itagwa. Ndinaiwala kanthu kamodzi kamene ndakadziwa kuyambira ndili mwana. Kwathu kuno wotumidwa amakana mphasa ndi chakudya pokhapokha akabweretsa mkwiyo. Tsono a Nasoko amva kuti mpongozi wawo wadula chibale, ndipo sopoyo ndi wowauza kuti ndi auve. Alira mpaka mudzi wasonkhana. Kuno Dona Felista akulira, mandasi apserera. Amuna awo sakudziwa kuti alirire mbali iti.

Ndayesa kufotokoza kuti ndi ndondomeko ya kampani. Amake Zefa akuti: "Kampani yanu yapasula banja la eni ndi sopo mmodzi."

Manyazi ndamva, sindibisa. Komabe liwiro linali labwino.

Lachisanu

Tsiku lopepesa. Malamulo a dzulo ndawaimitsa kaye, sindinati ndawafafaniza.

Meluluca kachikenanso. M'bokosi muli tambala wa chipepeso wochokera kwa Dona Felista, ndi nkhuku yathazi ya amake Zefa, yoperekedwa m'dzina la kampani. M'njira thadziyo yaikira dzira. Phindu loyamba la kampani! Ndalisunga m'thumba la malaya, pafupi ndi mtima. Pogwada kupepesa kwa a Nasoko, phwaa. Phindu latsikira m'lamba.

Pa mphasa ndakhala mpaka miyendo yachita dzanzi. Malonje ndayambira pa kubadwa kwanga. Ndadya, ndawonjezera, ndawonjezeranso kuti pasatsale chikaiko. A Nasoko aseka, andikhululukira, ndipo chikhululukirocho chabwera m'thumba: mbatata, zopita kwa Felista.

Podutsa pa Metangula wandiitana woyendetsa shapa, minibasi ya ku Lichinga. Ali ndi kaphukusi kamene kakhala pansi pa mpando wake kuyambira mvula isanaleke. Ndi ka a Jafali, mkulu wina wa m'mudzi wa kuseri kwa Lunho, kachokera kwa mwana wawo wamkazi wa ku tauni. "Kumeneko galimoto siifika, shefi. Ndiwononge mafuta chifukwa cha magalasi a maso?" Ndakatenga.

Pa bawo a Pulofesolo akufunsa mokweza kuti onse amve: "Nanga ku Lunho kuja mwafikako?" Anthu kuseka.

Monga wabizinesi ndikudziwa kuti ulendowu ulibe phindu. Monga munthu amene wasekedwa pa bawo, ndinyamuka mawa.

Loweruka

Msewu wa kuseri kwa Lunho: poyamba ndi msewu, kenako kanjira, kenako mphekesera chabe. Pa mtsinje njinga pamutu. Tcheni chaduka, ndamanga ndi waya wa bokosi. Chadukanso.

A Jafali ndawapeza pakhomo pawo, ukonde wong'ambika uli pamiyendo, akuufufuza ndi zala. Akuti maso anachita chifunga, kusoka ukonde analeka, masiku ano amadya zopatsidwa. Amasula phukusi. Avala magalasi. Ayang'ana ukonde, ayang'ana manja awo, ayang'ana ine.

"Ndimayesa mwana wanga anandiiwala. Inu ndinu a boma?"

Ndati ayi, ndine kampani. Akufunsa kuti kampani ndi ndani. Ndati ndine ndemwe. "Ndiye Mulungu akudalitseni, a Kampani." Atola chosokera chawo, alowetsa pa bowo loyamba osaphonya, lachiwiri, lachitatu, akusekerera okha.

Mtengo wa ulendo unali pa lilime. Ndaumeza. Ntchito ya lero ndikuinyadira kuposa zonse zimene ndinagwirapo, ndi kusesa komwe. Misozi yalengeza, ndipo sindinaibise.

Kenako mphasa, malonje, chakudya. Sindinakane chilichonse, ndaphunzira. Potsanzika atuluka kuseri kwa nyumba atanyamula kamwana ka mbuzi. Si kanga. Ndi ka mwana wawo. Ku Lichinga! "Wanditumizira maso, ine ndimubwezere chete?"

Kubwerera wapansi. Tcheni m'thumba, mbuzi m'bokosi, ikulengeza kufika kwa kampani mudzi uliwonse. Pa bawo ndaima pakati penipeni. "Ndafika kuseri kwa Lunho!" A Pulofesolo aimirira, andigwira chanza ndi manja awiri. Ndithu, awiri! Kenako akuti: "Nanga mwapindula chiyani?"

Yawayankha ndi mbuzi.

Lamulungu

Tsiku la chiweruzo. Amake Zefa akufuna kuona zimene kampani yabweretsa m'nyumba muno. Ndaziika poyera:
- tcheni choduka
- matuza m'mapazi
- mbuzi ya eni, yadya kale masamba a maungu a kuseri
- nkhuku yawo, imeneyo sinabwere, inapita

Kandalama ka Dona Felista kanathera pomata tayala.

Ndavala malaya akale kuyesezera za pa thandala. Koma potuluka m'tchalitchi anthu atilondola mpaka kunyumba. Sakubwera kwa mkulu wa kampani ayi. Akundidutsa pakhonde ngati mtondo, kukagwadira amake Zefa. "Mayi, musatitsekere koreyo." Wina ali ndi mankhwala a amayi ake, wina mbewu, wina uthenga wa ukwati. Ndi mwini nkhwangwa yemwe alipo.

Amake Zefa amvetsera, atafuna nzimbe mpaka kumaliza, kenako agamula. Njinga ndi yawo. Kampani yatha. Kuyambira mawa ndizinyamula usipa wawo wogulitsa ku Maniamba, ku Meluluca, mpaka kuseri kwa Lunho. Katundu wa anthu azikwera pamwamba pa dengu, waulere, osakana munthu, kaya kutali kaya pafupi. Mphasa ndizikhalapo. Tcheni agula iwo. Mbuzi aikweza shapa iwo. Malipiro anga: chakudya, sopo, ndi malaya pa Khrisimasi ngati usipa wayenda bwino.

A Pulofesolo, atatsamira mpanda ngati anaitanidwa: "Achimwene, imeneyotu ndiye koreyo ya boma."

Ndinkafuna positi ichoke m'manja mwa boma, ndiye yangayi yalandidwa ndi boma la m'nyumba muno, lopanda chisankho. Pa thandala sindipita, inde. Koma njinga yapita, ushefi, ubwana wanga uja, wapita, mkangano wa pa bawo ndaluza anthu akuona. Zikundiwawa. Chonditonthoza n'chakuti pa gombe lonseli palibe wina wafika pakhomo pa a Jafali ndi phukusi, ndipo ndidzafikanso, kaya m'dzina la yani.

Ndafunsa mwaulemu kuti wantchito akakhala ndi dandaulo azikalipereka kuti. Amake Zefa akuti ofesi ya madandaulo ndi iwo omwe, ndipo Lamulungu satsegula.