Tsiku Limene Chitukuko Chinayenda Chafutambuyo

Amuna ena anataya akazi chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha njuga, ena chifukwa cha akazi ena. Ine wanga ndinamutaya chifukwa cha sitima yotalika ngati mkono wangawu, ndipo chowawa n'chakuti ndinali ndisanamukwatire n'komwe.

Zinachitikira ku Iponga, kufupi ndi malire a Tanzania, m'masiku aja a chipani chimodzi pamene munthu unkayamba wacheuka usanatsokomole. Ndinali mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Balaka, wa tayi ndi nsapato zonyezimira, ndipo boma linanditumiza kumeneko osandifunsa. Kutentha, udzudzu, nthochi zophika m'mawa, masana ndi madzulo, zonsezi zinkandiliza chamumtima. Kenako ndinaona Tupokiwe akuimba kwaya kutchalitchi, ndipo nthochi zija zinayamba kukoma.

Vuto linali bambo ake, a Mwangosi, nkhalamba yowonda imene inathera unyamata wake kumigodi ya ku Kitwe. Sankadana nane, koma sankandiwerengera. "Mwalimu," ankatero (ndiko kuti mphunzitsi), "kwanu uko mwamuna amangopinda mphasa n'kukagona kwa mkazi. Kuno timayamba taona ng'ombe." Ine ng'ombe ndinalibe. Ndinali ndi njinga ndi choko.

Lamulungu lina, titakhala pakhonde pawo, anandifunsa ngati ku Balaka kuli galimoshi. Nditatutumuka, anamasulira: "Galimoto ya utsi, amatero Aswahili. Sitima ya pamtunda." (Ku Karonga ukangoti sitima, anthu amaganiza ya panyanja. Njanji kulibe.)

Apa m'pamene pakamwa panga panandigulitsa koyamba. "Bambo, mwafunsa mwini wake," ndinatero. "Abambo anga ndi oyendetsa sitima. Ine ndakulira mu injini." Zoona zake n'zakuti abambo anga ankagulitsa nzimbe pasiteshoni, ndipo ine ndinkathandiza kuthamangitsa ntchentche.

Nkhalamba ija inalowa m'nyumba n'kutuluka ikukoka sutikesi yachitsulo. M'katimo, mokulungidwa m'bulangete, munali injini yakuda yolemera ngati njerwa ziwiri, kangolo kake ka malasha, mabogi ofiira, njanji zokhota zolumikiza, ndi bokosi lolemera la thiransifoma lokhala ndi chogwirira ndi manambala. Anaigula kwa mzungu wina wa kumgodi amene ankabwerera kwawo. Anagulira mwana wawo woyamba, Lusekelo, koma pofika nayo kumudzi anapeza manda ake ali kale ndi udzu. Ku Iponga kunalibe magetsi, ndiye sitimayo inagona m'bulangete zaka zonsezo.

"Ndinaiona ikuyenda kamodzi kokha, m'nyumba ya mzunguyo," anatero akuisisita. "Amake Tupokiwe sakhulupirira mpaka lero kuti imayenda yokha. Maso angawa ayamba mtambo, mwalimu. Mukaiyendetsa ndikali kuona, nkhani ya ng'ombe ija tidzaikamba ngati anthu apachibale."

Ndinaimangirira panjinga ndikuona kale tsiku la ukwati.

Thiransifoma ija inkafuna magetsi a m'khoma, ndiye ndinaikankhira pakona. Ndinakabwereka batire kwa dalaivala wina amene lole yake yonyamula mpunga inali itakhala pamiyala kudikira matayala. Njanji zinali ndi dzimbiri, ndinazikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka zala kusupuka. Chinandidabwitsa n'chakuti zinali ndi mizere itatu, pamene za ku Balaka zili ndi iwiri. Nditagadamitsa injini ndinapeza timawilo tating'ono pamimba pake tokhudza mzere wapakati, ndipo ndinazindikira kuti moto umalowera pamenepo n'kutulukira m'mizere ya m'mbali. Tsiku limenelo ndinayenda modzimva kwambiri.

Nditalumikiza mawaya kubatire, kangolo ka malasha kaja kanayamba kuimba mluzu. Sikuti mluzu wa kamodzi ayi, koma wosalekeza, woonda, ngati wailesi imene ikusaka siteshoni yakutali. (Ndinadzamva patapita zaka kuti zimatero ukazipatsa moto wa batire m'malo mwa thiransifoma yake. Nzeru zanga zimakonda kufika maliro atatha.) Injini nayo inali ndi khalidwe lachilendo. Ndikagunditsa waya, inkapita kutsogolo pang'ono n'kutsamwa. Ndikachotsa n'kugunditsanso, inkangong'ung'udza osasuntha. Kachitatu inkabwerera m'mbuyo. Sitima yosadziwa kumene ikupita sindikanaionetsa kwa apongozi.

Ndinaitsegula ndi mpeni wodulira buledi. M'kati ndinapeza kanthu kozungulira konga kang'oma, kokhala ndi timano ndi tizala ta mkuwa, kamene kankadumpha nthawi iliyonse moto ukalowa. Ndinagamula pomwepo kuti matenda ndi amenewa. Kanthuko n'kamene kamasankhira injini kopita, ndipo kankangofuna kupukutidwa, koma ine ndinakazula ngati dzino lobowoka. Panatsala mawaya anayi akulendewera. Ndinawaphatikiza awiriawiri mongoganizira, n'kuwawotcherera ndi msomali wotenthetsa pambaula.

Waya wolumikizira unandiperewera, ndiye ndinasomphola wa mkuwa, woonda ngati ulusi, m'wailesi yakufa. Unali wopotanapotana, choncho ndinaukunga kuchokera pawindo mpaka pamtengo wa mango kuti uwongoke. Mawindo ndinkatseka masana onse poopa ana asukulu amene ankasuzumira. Ndipo ndisanayese ntchito yanga yatsopanoyo, batire inali itatheratu ndi mluzu uja.

Tsopano inu amene munakhalako masiku amenewo taphatikizani nokha. Mlendo, kumalire, mawindo otseka dzuwa likuswa mtengo, waya kumtengo, ndi kulira kwa wailesi m'nyumba. Ine ndekha ku Iponga konse ndi amene sindinaphatikize.

Loweruka m'mawa anafika anyamata a chipani a malaya ofiira, Landirova ikudikira kumsewu.

"Asambizgi, mukuyowoya na njani ku Tanzania?" anafunsa wamkulu wawo. Ataona kuti ndangoti kakasi, anabwereza m'Chichewa chake chothyoka: "Mukuyankhula na ndani kutsidya uko? Zigawenga zikuti vichi?"

Ndinayesa kuseka, koma kunatuluka kamawu ka mbuzi. Anapeza thiransifoma pakona, ndi manambala ake ndi chogwirira chake, ndipo anainyamula ndi manja awiri ngati bomba. Sitima, njanji ndi mawaya onse anazikwezanso m'Landirova. Akundikankhira kugalimoto ndinaona Tupokiwe ataima m'mbali mwa njira, ndowa ili pamutu. Sanandiyang'ane. Ndikudutsa anangoti chapansipansi, "Chonde, musawatchule atata." Ndinamva. Munthu amene anakhalapo kunja kwa dziko sankachedwa kusowa.

Ku ofesi ya chipani tinapeza a tcheyamani, bambo wa khosi lonenepa, atakhala pansi pa chithunzi cha mwini dziko. Mbiri inali itafika kale, anthu atadzaza m'mawindo. Atandifunsa mwini katunduyo, ndinati ndi wanga, wochokera kwa abambo anga oyendetsa sitima aja. (Bodza limodzi lomwelo, koma ulendo uno linagwirako ntchito yabwino.)

"Mukuti n'choseweretsa," anatero. "Chabwino. Chiseweretseni tione."

Anamasula batire ya Landirova. Ndinayala njanji pasimenti, n'kuika injini, kangolo ndi mabogi. Zitafola bwino zinkaoneka zokongola, moti nkhope ya a tcheyamani inayamba kumasuka. Amayi a chipani anasendera pafupi. Munthu wanzeru akanangogunditsa waya n'kukhala chete. Koma ine, nditaona kuti mphepo yatembenuka, ndinafuna kuwonjezera mchere.

"Bwana tcheyamani," ndinatero mokweza, "sitimayi ndinaitcha dzina lakuti Chitukuko. Ndimafuna ana asukulu aone ndi maso kumene dziko lathu likulowera."

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina analulutira. Ndinagunditsa waya.

Mluzu unalira, magudumu anazungulira, ndipo Chitukuko chinanyamuka ndi liwiro loopsa chafutambuyo, chikukankha mabogi ake ndi matako. Chinazungulira, n'kuzunguliranso, bwinobwino, osatsamwa ngakhale pang'ono. Sindinaonepo chinthu chobwerera m'mbuyo modzipereka chotero.

Mluzu uja unkangolirabe. Wina pawindo anayamba kuseka, n'kusandutsa msanga kusekako kukhala chifuwa.

"Mwalimu," anatero a tcheyamani mofatsa kwambiri, "Chitukuko chikupita kuti?"

"Ndi mawaya chabe, bwana, ndasemphanitsa." Ndinasinthanitsa mawaya pabatire, wofiira uku, wakuda uko. Chitukuko chinabwereranso m'mbuyo. Injini za mtundu umenewo sizisamala kuti batire waitembenuza bwanji, kolowera kumasankhidwa ndi mawaya anayi aja m'kati, amene ine ndinali nditawotcherera ndi msomali mpaka kalekale. Ndinainyamula, n'kuitembenuza kuti iyang'ane kwina. Inathamanga cham'mbuyo kulowera kwinako.

Thukuta linali litafika m'masokosi. Ndinafunafuna mawu opulumukira, ndipo ndinawapeza, mwatsoka.

"Bwana, chabwerera dala. Chikudzatenga anthu a kuno ku Karonga."

A tcheyamani anaweramira kutsogolo. "Ndiye mukuti chinatisiya?"

Panja, gogo wina amene sankaoneka nkhope anayankha momveka bwino m'Chinkhonde kuti "Ena," kutanthauza kuti inde. Anyamata ofiira anathamangira kuwindo, koma anapeza aliyense akuyang'ana kumwamba.

Pamenepo ndinamva fungo la mphira wopsa. Waya woonda wa m'wailesi uja, umene ndinalumikizira njanji kubatire, unali utafiira, ndipo m'kati mwa injini munayamba kutuluka utsi wakuda, wambiri, kudzera m'mawindo ake ndi pansi pomwe. Mluzu unatsika pang'onopang'ono ngati nkhuku yozingidwa. Chitukuko chinaima pansi penipeni pa chithunzi chija, n'kufa.

A tcheyamani anakupiza utsi uja ndi dzanja. Kenako anauza anyamata awo kuti, "Uyu si chigawenga. Zigawenga zimakhala ndi nzeru." Analamula kuti katundu yense atsale pa ofesi ngati umboni, ine andimete mpala ndipo ndikatchetche udzu kupolisi mpaka pakamwa panga pataphunzira mwambo. Ndikutchetcha choncho tsiku lina, ndinaona ana a a tcheyamani akukoka mabogi ofiira aja ndi chingwe m'fumbi. Mtima unandipweteka kuposa matuza a m'manja.

Atanditulutsa ndinapita kwa a Mwangosi wapansi, ndikukankha njinga yopanda katundu. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja. Nkhani yonse anali ataimva kale, koma anandilandira ndi moni wawo wa "Ndaga, mwalimu," n'kundilozera mpando. Amake Tupokiwe anali pakhomo, ndipo maso awo anali pa mpala wanga.

"Akuti simunanditchule," inatero nkhalamba. "Mwachita bwino." Inasendera pafupi nane. "Koma tandiuzani inu mwini. Inayenda?"

"Inayenda, bambo."

"Yokha? Popanda woikankha?"

"Yokha."

Anatembenukira kwa akazi awo. "Wamva?" Mayiwo anangolowa m'nyumba.

"Utsi inatulutsa?"

"Wambiri, bambo."

Anagwedeza mutu mokhutira, ngati munthu amene wamva kuti mwana wake wakhoza mayeso. "Nanga zakuti inkapita cham'mbuyo n'zoona?"

Ndinavomera maso ali pansi. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. Koma iwo anayang'ana cha kunthochi, kumene kunali manda a banja lawo, ndi maso awo amtambo aja.

"Inkafunafuna mwini wake," anatero. "Anatsalira m'mbuyo."

Ndinalira, abale. Mphunzitsi wa tayi, mutu uli mbee, kulira pakhonde la eni ake. Anandisiya mpaka nditamaliza, ndiyeno anati, mwaulemu wonse, "Mwalimu, nkhani ya ng'ombe ija tiisiye kaye."

Kaye ameneyo sanathe mpaka lero. Chaka chisanathe anandisamutsira kusukulu ina yakutali, ndipo ndinamva kuti Tupokiwe anakwatiwa ku Vinthukutu ndi munthu wa khola lodzaza, amene sanalonjeze kuyendetsa chilichonse. A Mwangosi anachita khungu asanamwalire. Sitima yawo anaiona ikuyenda kamodzi kokha kaja, m'nyumba ya mzungu.

Mwina mukuganiza kuti kuyambira pamenepo ndinasiya kutsegula zinthu za eni. Nanenso ndinkaganiza choncho. Koma pamene ndikulemba izi, wailesi ya mayi a kunyumba kuno ili patebulo chimimba chili pamtunda, mpeni wa buledi uli pambali. Ndawauza kuti pofika madzulo amvera nkhani. Mwatsala mawaya anayi, ndipo ndikudziwa ndithu kuti amalumikizana awiriawiri. Chimene sindikudziwa n'chakuti ati ndi ati.