Apongozi ndi Bakha wa a Arnold

Lolemba

Loweruka lino ndikulowa m'gulu la osonkhanitsa abakha amtengo muno mu Bolton! Si zidole ayi. Ndi nyambo zakale zosema pamanja, zimene alenje ankayandamitsa padziwe kuti abakha enieni atere. Anga ndi atatu, ogula pamsika wa zakale. Wachinayi ndi wobwereka kwa a Arnold, agogo a khomo loyandikana nafe. Wosema anali bambo awo, ndipo ndalonjeza kuti Lamulungu abwerera mmene wabwerera.

Malamulo a gululo:
- penti yakale isakhudzidwe
- mabowo a zipolopolo ndiye ulemu wake
- kutuwa ndiye kukongola

Vuto ndi limodzi. Apongozi abwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera khanda lathu, Tadala, ndipo manja awo sadziwa kukhala. Ayima pashelefu nthawi yaitali, akupukusa mutu.

Lachiwiri

Ndikuchokera kushifiti, ndikupeza abakha anga atatu ali chadodolido pasinki, akudontha madzi. Mayo ine! Asambitsidwa ndi sopo komanso waya wotsukira mapoto. Penti ya zaka zambirimbiri yapita ndi thovu.

Apongozi akuti, "Fumbi lake ngati anachita kufukulidwa, bambo."

Ndikuwomba m'manja, ndikuthokoza. Ndingatani? Mkamwini sadzudzula apongozi, ngakhale pa Mangalande pano. Ndauza mayi a Tadala kuti alankhule ndi amayi awo. Akuti amva, koma akunena uku akusinza, nsapato za kuchipatala zili kuphazi.

Mwayi wake, bakha wa a Arnold anali akadali m'chikwama changa. Ndamubisa m'kashedi kuseri kwa nyumba.

Lachitatu

Adzozedwa mafuta! Mafuta a khanda enieniwo. Apongozi akuti atauma anatuwa mbuu, ndipo alendo anganene kuti m'nyumba muno mulibe munthu wamkazi. Tsopano akunyezimira, akuterereka, akununkhira ngati Tadala.

Ndayesa kulankhula mozungulira, monga mwa ulemu. Ndati azungu kuno zinthu zakale amazikonda zili choncho, zothethekatheka. Apongozi amvetsera bwinobwino, kenako akuti n'zomvetsa chisoni, anthu opanda owasamala. Mayi a Tadala sanalankhule nawobe. Akuti ndiwauze ndekha, pakamwa ndili napo. Pakamwa ndili napodi, koma si pa ntchito imeneyo.

Lachinayi

Za lero:
- mabowo a zipolopolo amatidwa ndi phula la kandulo
- chitsulo cholemera cha pansi pa bakha mmodzi chazulidwa, akuti chimakanda shelefu
- aliyense wakhazikidwa pa kansalu koluka

Amayi awiri a kumpingo abwera kudzaona khanda, ndipo atamanda apongozi kuti abakha aja tsopano akuoneka ngati a pabanja. Mmodzi, wa ku Chipata, wafunsa ngati ndimawapempherera ndisanawalowetse m'nyumba. Taseka tonse, ine kuseka kwa mano okha.

Palibe kanthu. Wa a Arnold yekha akwanira kundilowetsa m'gulu. Ndakamusuzumira m'shedi. Ali phee, wotuwa, wokongola.

Lachisanu

Apongozi analowa m'shedi kukafuna tsache.

Andilandira pakhomo nkhope ili ngwee. "Bambo, munaiwala mmodzi panja pozizira. Ndamukonza pamodzi ndi anzake."

M'shedi momwemo apezamo penti yotsala ya chitseko. Abakha onse anayi ndi obiriwira ngati chitseko chathu, milomo yachikasu, maso ozunguliridwa ndi choyera ngati odabwa. Odabwa tilipo asanu.

Ndakhala pamasitepe. Za gulu ndilibe nazonso ntchito. Ndikuopa nkhope ya a Arnold, munthu amene anandipatsa chinthu cha bambo ake ndi manja awiri. Ndawomba m'manja. Ndathokoza.

Loweruka

Ndapita ndithu kugulu kuja, ndi anga atatu okha. Matebulo a anzanga ndi otuwa mwaulemu, langa likuwala ngati sitolo ya maswiti. Wapampando wa gulu wanyamula mmodzi, wamununkhiza, wamubweza pang'onopang'ono. Akuti, "Zosangalatsa." Ndakhala kuno mokwanira, mawu amenewo ndikuwadziwa tanthauzo lake.

Mwana wina wafunsa ngati amalira ukawafinya.

A Arnold sanabwere, bondo lavuta. Ndalowa m'nyumba mozemba, kudzera kuseri.

Lamulungu

Mayi a Tadala alankhula nawo amayi awo tsopano, madzi atatayika kale. Apongozi sanatsutse. Amanga chitenje chatsopano, akuti wolakwa amapita yekha kukapepesa, ndipo ine nditsogole ndikamasulire. Bakha amunyamula m'mbale yovundikira.

Agwada pakapeti ya a Arnold, avundukula. A Arnold amutenga, akumutembenuza uku ndi uku.  Kenako mkuluyo misozi, kenako kuseka! Akuti bambo awo ankamupaka penti chaka chilichonse chisanu chisanayambe, penti iliyonse yotsala pakhomo, ndipo chimwalirireni palibe anamupakanso.

"Bambo ankasemera abakha, osati a gulu aja," akutero.

Ndamasulira. Mtima wanga wakhala pansi, ndipo ndakondwa zenizeni. Apongozi andiyang'ana kamodzi kokha.

Madzulo ano a Arnold agogoda ndi katoni. Muli abakha ena a bambo awo, onse otuwa, oti wapampando uja atawaona angagwade. Sakufuna ine, akufuna apongozi. Akufunsa ngati penti yobiriwira ija yatsalako.

Yatsalako. Ndine ndagwirizira chitini.

Apongozi akuti akamaliza abakha aonenso galimoto yanga, nayonso yatuwa.